Kaphikidwe ka mithai ya Diwali pakhomo: ghee, laddu, katli ndi gulab jamun

M'mabanja ambiri a Chihindu, zotsekemera za Diwali, chikondwerero cha nyali, sizilawidwa zikadali pamoto. Mbale yoyamba imakaikidwa pamalo opempherera, pamaso pa milungu Lakshmi ndi Ganesha, ndipo ikachoka pamenepo ndi pomwe imasanduka prasad, chakudya chodalitsidwa chogawira apabanja, anansi ndi alendo. Wophika alibe mpata wolawa n'kumati shuga wachepa, ndiwonjezereko. Zomwe amadalira ndi sikelo, maso, mphuno ndi zala ziwiri. Ngakhale kwanu kulibe mwambo umenewu, phikani ngati ulipo. Mithai, lomwe ndi dzina la zotsekemera zonsezi, imalakwika pamoto kapena pa manyuchi a shuga, ndipo pomwe lilime likudzazindikira, nthawi yokonza imakhala itapita kale.

Diwali imagwa pakati pa Okutobala ndi Novembala, usiku umene mwezi suoneka. Mu 2023 inali pa 12 Novembala, mu 2026 ndi pa 8 Novembala. Chikondwererochi ndi cha masiku asanu, kuyambira Dhanteras mpaka Bhai Dooj, ndipo tsiku lachitatu ndi lomwe amayatsa nyali zadothi n'kupemphera kwa Lakshmi. Kwa anthu a ku Gujarat, komwe kunachokera mabanja ambiri a Chihindu a ku Limbe, Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, Diwali ikangotha chimabwera chaka chatsopano, anthu n'kumayenderana atanyamula mabokosi a mithai. Kuno kwathu imeneyi ndi nyengo yotentha kuposa zonse, ndipo kutenthako kumasintha zina pa kaphikidwe, monga muonera kutsogoloku.

Mithai yoperekedwa kwa milungu simulowa dzira, mafuta a nyama kapena jelatini. Ziwiya zikhale zoti simunaphikemo nyama kapena nsomba. Ndi ulemu kwa eni mwambo, komanso ghee, mafuta ochokera ku batala, amakoka fungo: chiwaya chomwe munakazingiramo usipa dzulo chidzamvekera mu laddu, timipira totsekemera ta ufa wokazinga, ngakhale mutachitsuka kawiri.

Moto ndi ziwiya

Pezani chiwaya kapena poto wokhuthala pansi. Ku India amagwiritsa ntchito kadai, chiwaya chakuya chozungulira pansi chokhala ndi zogwirira ziwiri, ndipo m'masitolo a amwenye chimapezeka. Sefuliya yopyapyala yowiritsira tiyi imatentha malo amodzi, ufa n'kupserera pakati m'mbalimu usanayambe n'komwe kufiira. Mufunikanso mthiko watsopano kapena wosanunkha ndiwo, sefa wa timabowo ting'onoting'ono, kansalu koyera kosefera, ndi sikelo ya m'khitchini. Ngati mulibe sikelo, kapu ya mamililita 250 imalowa pafupifupi magalamu 200 a shuga, 120 a besan (ufa wa tchana), 100 a mkaka wa ufa ndi 220 a ghee.

Moto wophikira nsima kapena mandasi ndi waukulu kwambiri pa ntchitoyi. Pa mbaula, dikirani makala ayake mpaka ayere ndi phulusa, chotsanimo ena, musiyemo ochepa oyalana bwino. Otsalawo asungeni pambali kuti muziwonjezera limodzi limodzi. Mbaula yamagetsi imasunga kutentha ngakhale mutaichepetsa, ndiye mukaona kuti zinthu zikufulumira kufiira, tsitsani chiwayacho pansi kwa kanthawi mukupitiriza kutakasa.

Yambani ndi ghee

Ghee ndi batala amene wachotsedwa madzi ndi zotsalira za mkaka. Wogula alipo, koma wopanga nokha mumadziwa zomwe zilimo. Majarini sangalowe m'malo mwake: ali ndi madzi, nthawi zambiri ali ndi mchere, ndipo alibe fungo lomwe limapangitsa mithai kukhala mithai.

Dulani magalamu 500 a batala wopanda mchere, ikani mu poto pa moto wochepa. Akasungunuka amayamba thovu loyera pamwamba, kenako amathetheka ngati mvula ikugwa padenga la malata. Phokosoli ndi madzi akuuluka. Musavundikire, ndipo musatakase pafupipafupi. Pakatha mphindi 20 mpaka 30 phokoso limachepa, mafuta amayera moti mumaona pansi pa poto, ndipo tizotsalira ta mkaka tomwe tadikha pansi timasanduka tofiirira ngati mtedza wokazinga. Pamenepo tsitsani msanga. Kuchoka pa kufiirira kufika pa kupserera ndi mphindi imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo ghee wopserera amawawa m'chilichonse chomwe mungamuthire. Akazizirako pang'ono, sefani pa kansalu kulowetsa m'botolo louma gwa. Mupeza pafupifupi magalamu 400. Dontho limodzi la madzi m'botolomo ndi lomwe limayambitsa chuku, ndiye supuni yotungira nayo izikhala youma.

Mu Okutobala ghee uyu amakhala wamadzimadzi tsiku lonse chifukwa amasungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 30. Sanawonongeke ayi. Koma muziyeza pa sikelo, osati ndi maso.

Besan laddu

Besan ndi ufa wa tchana yosenda makoko n'kugawidwa pakati, yomwe m'sitolo imalembedwa chana dal. Ufa wa nandolo kapena wa soya si womwewo. Ulipo wosalala ndi wokhakhala, monga momwe ufa woyera umasiyanirana ndi mgaiwa, ndipo laddu yabwino imafuna wokhakhalawo. Ngati mwapeza wosalala wokha, chotsani masupuni aakulu awiri n'kuikapo awiri a suji, ufa wa tirigu wa timisere. Musanagule nunkhizani: besan wokhalitsa amanunkha ngati mafuta akale ndipo amawawa, kukazinga sikungamukonze. Amene mukapereketse chana dal kuchigayo, ufa woyamba kutuluka uikeni padera chifukwa umasakanikirana ndi wa chimanga wotsalira m'makinamo.

Miyezo yake ndi iyi: magalamu 250 a besan, 125 a ghee, 175 a shuga woperapera, njere za m'makoko 8 a elaichi zosinja, ndi kadzanja ka mtedza wa cashew kapena amondi woduladula ngati mukufuna. Elaichi ndi tizipatso tobiriwira tonunkhira tomwe amwenye amathira mu tiyi. Sinjani njerezo pamodzi ndi kashuga pang'ono kuti zisamathawe mu kamtondo.

Sefani ufawo. Sungunulani magalamu 110 a ghee pa moto wochepa, otsalawo muwasunge, thirani ufa wonse n'kuyamba kutakasa. Kuyambira apa mpaka kumapeto mthiko usaime, ndipo uzifika pansi ndi m'mbali.

Poyamba zimaoneka ngati ghee wachepa. Ufa umagwirana mibulu, umauma ngati mchenga wonyowa pang'ono, mthiko umalemera. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: amathira ghee wina wambiri, ndipo mapeto ake laddu zimakana kuima. Pirirani. Pakatha mphindi 10 kapena 12 ufa umayamba kubweza mafuta omwe unamwa, mibulu imasungunuka, mthiko umapepuka, ndipo zonse zimasanduka ngati phala lokhuthala lonyezimira. Ngati pofika mphindi 15 zikadali zouma, ndi pomwe muthire ghee munasunga uja. Pitirizani. Mtundu umachoka pa chikasu chotuwa kupita ku chikasu chofiirira, ngati chiponde cha mtedza wokazinga bwino, ndipo fungo la nyemba zaziwisi limatha, m'malo mwake nyumba yonse imanunkhira mtedza. Nthawi yonse ndi mphindi 25 mpaka 30. Mukamaliza mu mphindi 10 ndiye kuti moto unali waukulu: kunja kwafiira koma ufawo sunapse, ndipo laddu yotere imamatirira m'kamwa n'kusiya kafungo ka nyemba.

Mutatsala pang'ono kutsitsa, wazani supuni yaikulu imodzi ya madzi pamwamba. Zimachita thovu n'kulira, ndiye talikitsani nkhope. Takasani mpaka thovu lithe. Madziwa amatupitsa tinjere ta ufa, n'chifukwa chake laddu imamveka timisere tofewa pa lilime m'malo mokhala phala louma. Mukafuna kuti zikhalitse, gwiritsani madzi osati mkaka.

Khuthulirani m'mbale yotakata nthawi yomweyo. Mukasiya m'chiwaya, ufa umapitiriza kupsa ndi kutentha kwa chitsulo. Thirani mtedza ndi elaichi, koma shuga ayi. Dikirani mpaka mutha kuikamo chala n'kuchisiyamo osapsa, ndiye kuti kwangotsala kufunda. Shuga akalowa muli moto amasungunuka, zonse zimasanduka zamadzimadzi, ndipo zikazizira zimalimba n'kumata. Palibe chobwezera pamenepo, kupatula kuthira m'thireyi n'kudula ngati barfi, mithai yophwatalala yodulidwa zidutswa.

Za shugayo: wogula woperapera kale uja wa makeke amakhala ndi ufa wa chimanga pang'ono, ndipo amapangitsa laddu kumveka ngati choko. Perani nokha shuga woyera m'makina kapena sinjani n'kusefa. Ophika a ku India amakonda tagar kapena bura, shuga wophika: magalamu 200 a shuga ndi mamililita 70 a madzi, kuwiritsa mpaka thovu likhuthale ndipo m'mbali mwa chiwaya muyambe kuyera, kuthira supuni yaing'ono ya ghee, kutsitsa n'kutakasa mwamphamvu mpaka zisanduke mchenga. Shuga ameneyu sasungunuka msanga, ndipo m'nyengo yotentha phindu lake limaoneka.

Sakanizani shuga ndi dzanja, mukutikita pakati pa zikhato kwa mphindi zingapo. Tengani magalamu 30, finyani mwamphamvu m'dzanja kuti zigwirane, kenako zunguzani pang'onopang'ono mpaka zikhale mpira wosalala. Mupeza laddu 18 kapena kuposerapo pang'ono. Zikamafwanthuka ndiye kuti mafuta achepa: thirani supuni ya ghee wofunda. Zikamaphwatalala pa mbale ndiye kuti ghee wachuluka kapena kunja kwatentha: ikani mbaleyo mufiriji mphindi 20, kapena dikirani kuzizira kwa m'mamawa, muumbenso. Nthawi zambiri laddu zoumbidwa masana mu Okutobala zimafuna kuzunguzidwa kachiwiri pakatha ola. Anthu a ku Gujarat ali ndi mtundu wawo wa chakudya chomwechi, magas, wa ufa wokhakhala kwambiri.

Manyuchi ndi ulusi wake

Mithai yambiri imaima kapena kugwa pa chashni, manyuchi a shuga ndi madzi. Muyezo wake ndi ulusi. Tungani pang'ono ndi supuni, dikirani masekondi angapo kuti azizireko, ikani kadontho pa chala cholozera, gundanitsani ndi chala chachikulu n'kulekanitsa pang'onopang'ono. Musaviike chala mu poto: manyuchi otentha amamatirira pakhungu ndipo amawotcha kuposa madzi owira.

Zala zikangomata koma osatuluka ulusi, amenewo ndi manyuchi a gulab jamun. Ukatuluka ulusi umodzi wosaduka msanga, ndi ek taar, wa katli. Maulusi awiri ndi do taar, wa barfi zolimba, ndipo kadontho kake kakagwera m'madzi ozizira kamaumbika kampira kofewa. Kuchoka pa ulusi umodzi kufika pa awiri sikutenga nthawi, makamaka manyuchi akakhala ochepa, ndiye muziyesa pafupipafupi. Mukapitirira, thirani supuni imodzi kapena ziwiri za madzi otentha, muyesenso.

Amene muli ndi choyezera kutentha, samalani ndi manambala a m'mabuku. Amalembedwa poganiza kuti madzi amawira pa madigiri 100, zomwe zimachitika m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe ndi pafupifupi mamita 1,000 pamwamba, madzi amawira cha pa 96 kapena 97, ndipo ku Johannesburg cha pa 94. Yambani mwayeza madzi owira kwanuko, ndipo kusiyanako muzikuchotsa pa nambala ya m'buku. Mukapanda kutero manyuchi anu azipitirira nthawi zonse. Zala zilibe vuto limeneli.

Takasani mpaka shuga asungunuke, kenako siyani. Kutakasatakasa manyuchi owira kumawabwezera ku mchenga. Madontho angapo a ndimu amaletsa zimenezi.

Kaju katli

Izi ndi tizidutswa topyapyala tooneka ngati dayamondi wa pa makadi, topangidwa ndi cashew, yemwe ku India amati kaju. Mufunika magalamu 200 a cashew wosakazinga, wopanda mchere, 120 a shuga woyera, mamililita 60 a madzi ndi supuni yaing'ono ya ghee.

Vuto loyamba lili pa kupera. Mtedzawu uli ndi mafuta ambiri, ndipo makina akayenda nthawi yaitali mumapeza chiponde m'malo mwa ufa. Perani pang'onopang'ono, masekondi atatu kapena anayi n'kuimitsa, kugwedeza, kuyatsanso. Sefani, zokhakhala zibwerere m'makina. Cashew wochokera mufiriji ayambe wakhala panja mpaka aume, chifukwa chinyezi chimamugwiranitsa.

Wiritsani shuga ndi madzi mpaka ulusi umodzi. Chepetsani moto kwambiri, thirani ufa wa cashew, takasani kuti pasakhale mibulu. Pakatha mphindi 6 mpaka 9 zimayamba kuchoka m'mbali n'kuzungulira mthiko ngati nsima yomwe yapsa. Thirani ghee uja. Tapani pang'ono, ziziritsani, umbani pakati pa zala zopaka mafuta: kakaumbika kampira kosamata, tsitsani. Khuthulirani pa pepala lophikira makeke kapena thireyi yopaka ghee, ndipo zikafika poti mungagwire koma zikadali zotentha, kandani kwa mphindi imodzi kuti zisalale. Yalani pepala lina pamwamba, futukulani ndi botolo kapena kamtengo ka chapati mpaka mamilimita 5, dikirani mphindi 20, dulani mizere yopingasa.

Ikakana kulimba n'kumamata mpeni, sinapse: bwezerani pamoto wochepa mphindi ziwiri. Ikauma n'kumasweka pokanda, yapsa mopitirira: wazani supuni yaing'ono ya madzi otentha kapena mkaka, kandaninso, koma ya mkakayo idyedwe msanga. Siliva wopyapyala uja mumaona pamwamba pa katli ya m'sitolo, varak, ndi wokongoletsa chabe, alibe kukoma kulikonse.

Cashew ndi wodula. Mtedza wathu wamba umachita bwino m'njira yomweyi, ndipo ku India nakonso amapanga. Ukazingeni pa moto wochepa osafiiritsa, fikisani, petani makoko onse, perani mosamala chimodzimodzi. Mtundu umakhala woderako koma imadulika bwinobwino.

Gulab jamun

Gulab jamun ndi timipira ta mkaka tokazinga n'kuviikidwa m'manyuchi. Dzinali lili ndi mbali ziwiri: gulab akunena madzi a maluwa a rozi omwe amanunkhiritsa manyuchi, jamun ndi chipatso chakuda chija kuno timati jambula, chomwe timipirati timafanana nacho. Mwachikale amapanga ndi khoya, mkaka wowiritsa mukutakasa mpaka utsale phala louma. Lita imodzi imatulutsa pafupifupi magalamu 200 ndipo imadya nthawi yoposa ola. Pakhomo ambiri amagwiritsa mkaka wa ufa, ndipo zimatheka bwino, bola ukhale mkaka weniweni wokhala ndi mafuta ake onse. Werengani paketi. Ufa woyera wothira mu tiyi wopangidwa ndi mafuta a zomera si mkaka, ndipo timipira take timasungunuka m'mafuta.

Yambani ndi manyuchi kuti adzakhale ofunda timipira tikamapsa. Magalamu 400 a shuga, mamililita 450 a madzi ndi makoko 4 a elaichi ophwanya, wiritsani mphindi 6 kapena 7 mpaka zala zimate popanda ulusi. Tsitsani, thirani supuni yaing'ono ya madzi a ndimu ndi ina ya madzi a rozi. Ikani mu poto wotakata, chifukwa timipira timatupa pafupifupi kuwirikiza ndipo timafuna malo.

Sakanizani magalamu 100 a mkaka wa ufa, 30 a fulawa ndi soda pang'ono kwambiri, theka la kota ya supuni yaing'ono. Fikisiranimo supuni yaikulu ya ghee. Thirani mkaka wamadzi supuni imodzi imodzi, zinayi kapena zisanu, mukungosonkhanitsa ndi nsonga za zala. Musakande ngati mukupanga mandasi kapena buledi. Kukanda kumalimbitsa fulawa, ndipo kampira kolimba sikamwa manyuchi. Zikhale zofewa ndi zomata pang'ono, chifukwa mkaka wa ufa umapitiriza kumwa madzi. Vundikirani mphindi 10. Zikauma pa nthawiyi, wonjezerani supuni yaing'ono ya mkaka.

Pakani ghee m'manja, gawani timagawo 16 mpaka 18 ta magalamu 12, tochepera dzira la nkhanga. Finyani kamodzi pakati pa zikhato kenako zunguzani mopepuka. Yang'anani kalikonse pa kuwala: pasaoneke mng'alu. Mng'alu ndi khomo lolowera mafuta, ndipo kampira kotero kamaphulika kapena kugawikana. Tomwe mwaumba tiphimbeni ndi nsalu yonyowa pang'ono.

Pokazinga ndi pomwe ozolowera mandasi amagwa. Mafuta a mandasi amakhala otentha moti mtanda umayandama nthawi yomweyo. Apa ayi. Mafuta kapena ghee akhale akuya masentimita 5, otentha madigiri 130 mpaka 140 okha. Ponyanimo kachidutswa: kamire, katulutse tithovu ting'onoting'ono, kakhale pansi kanthawi, kenako kakwere kokha kasanasinthe mtundu. Kakayandama pompo n'kufiira, tsitsani chiwaya mafuta azizireko. Mkaka uli ndi shuga wakewake amene amafiira msanga, ndiye pa moto waukulu kunja kumada mkati muli mtanda wauwisi.

Kazingani kamodzi kokha poyamba, kaviikeni m'manyuchi mphindi 10, kaduleni pakati muone. Kampira kamodzi kameneka kamapulumutsa mtanda wonse. Kakaphulika kapena kusungunuka m'mafuta, soda wachuluka kapena mtanda wanyowa kwambiri: wonjezerani supuni ya fulawa. Kakakhala ndi kanthongo kolimba pakati, mtanda wauma kapena moto wakula: wonjezerani mkaka pang'ono, chepetsani moto.

Zikakhala bwino, ikani tisanu kapena tisanu ndi kamodzi nthawi imodzi. Musatikhudze tikadali pansi. Zunguzani mafutawo ndi supuni m'mbali kuti timipira tizigubuduka tokha, tifiire mofanana mbali zonse. Pakatha mphindi 7 mpaka 10 timakhala tofiirira moderako. Vuulani, tikhale pa sefa mphindi imodzi, tilowe m'manyuchi ofunda. Manyuchi owira amatisenda khungu n'kutiphwanya. Ozizira amatinyalitsa, timakwinyika n'kulimba. Okhuthala kwambiri salowa mkati, ndiye mumapeza kunja kotsekemera pakati pouma. Zikatero thirani madzi otentha pang'ono n'kufunditsa zonse pamodzi pa moto wochepa mphindi zingapo. Tisiyeni maola atatu kapena anayi, mukugwedeza poto mwa apo ndi apo. Usiku wonse ndiye bwino koposa.

Shakarpara ndi dongosolo la masiku

M'bokosi la Diwali mumafunikanso chokhukhuluza mano chomwe sichiwonongeka msanga. Shakarpara, yomwe ku Maharashtra amati shankarpali, ndi yosavuta. Fikisani magalamu 60 a ghee mu 250 a fulawa mpaka ufa uzigwirana mukaufinya. Sungunulani magalamu 90 a shuga mu mamililita 80 a mkaka wofunda, thirani, kandani mtanda wolimba, upume mphindi 30. Futukulani mamilimita 5, dulani timabokosi ta masentimita 2, kazingani pa moto wapakati wopendekera kochepa. Vuulani tikadali tofiirira pang'ono ndiponso tofewa, chifukwa timaderako ndi kuuma tikamazizira. Totsekeredwa m'chitini tisanazizire timalefuka ndi nthunzi.

Musaphike zonse tsiku limodzi. Kutatsala sabata, pangani ghee, tagar ndi shakarpara, yomwe imakhala milungu itatu m'chitini chotseka bwino. Kutatsala masiku anayi kapena asanu, laddu. Zimakoma kwambiri pa tsiku lachiwiri ndipo zimakhala milungu iwiri pamalo ozizira, opanda dzuwa. Katli ipangidwe kutatsala masiku awiri, ndipo m'kutentha kwa kuno isapitirire masiku anayi kapena asanu kunja kwa firiji. Gulab jamun ndi ya dzulo lake. Ili ndi mkaka ndi madzi, ndiye kunja isagone kuposa usiku umodzi, ndipo ngati magetsi kwanuko sadalirika, pangani yongokwanira tsikulo. Manyuchi akayamba thovu okha kapena kununkha mowa, zasasa, tayani.

Polongedza, zouma zikhale pazokha. Shakarpara ikagona bokosi limodzi ndi katli imakoka chinyezi n'kufewa, ndipo gulab jamun imafuna kabotolo kakekake kotseka. Pakati pa mizere ya katli yalani pepala kuti isamatane, laddu iliyonse ikhale m'kapepala ka makeke kuti isagubuduke panjira. Ngati mukupatsa banja la Chihindu, auzeni kuti mulibe dzira ndiponso mtedza womwe mwathiramo, chifukwa alipo ena amene mtedza umawadwalitsa. Ndipo ngati mithai ili yopita kumalo opempherera, patulani zidutswa zoyamba za mtundu uliwonse pa mbale yoyera musanayambe kudzaza mabokosi, muivundikire, muiike pamwamba pomwe ana sangafikire mpaka nyali zitayatsidwa madzulo.